Mbusa John Chilembwe: Mtsogoleri wa Nkhondo ya 1915 ndi Chiyambi cha Mtundu Wathu

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Limbe kunka ku Mulanje, akangopitirira pa Bvumbwe, amaona minda ya tiyi ya ku Thyolo itakuta zitunda ndi zigwa, yobiriwira dzinja ndi chilimwe chomwe. Alendo amaima ndi kuyamikira kukongola kwake. Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nthaka imene tiyiyo anamerapo ili ndi mbiri yowawa ya thangata, ndipo woyamba mwa anthu ophunzira a dziko lino kutsogolera anzake kunyamula zida polimbana ndi ulamuliro umene unabala thangatayo anali Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma loyandikana nalo la Chiradzulu.

Dzina lake ana a sukulu onse amalidziwa, ndipo tsiku la 15 Januwale chaka chilichonse antchito a Boma amapuma pomukumbukira. Komabe nkoyenera kuti aphunzitsi ndi onse ogwira ntchito za Boma adziwe bwino chimene munthuyu anachita, chimene analephera, ndi chifukwa chake nkhondo imene inatha m'masiku ochepa imawerengedwa ngati chiyambi cha mtundu wa Amalawi.

Ubwana ndi Maphunziro

John Chilembwe anabadwa cha m'ma 1871 ku Sangano, m'dera la Chiradzulu. Atate ake anali Myao ndipo amayi ake anali Mmang'anja. Inali nthawi ya chipwirikiti, pamene malonda a akapolo ndi nkhondo za mitundu zinali kubalalitsa midzi ya m'mapiri a Shire. Mnyamatayo analawako sukulu ya mishoni ya Askotishi ya ku Blantyre, ndipo m'chaka cha 1892 analowa ntchito ya m'nyumba kwa mmishonale wina wachingelezi, Joseph Booth, amene anali atangofika kumene kudzayamba Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi. Booth anamubatiza m'mwezi wa Julayi 1893.

Booth anali Mzungu wosiyana ndi anzake. Ankalipira antchito ake kuposa m'mene Azungu a m'minda ankalipirira, ndipo ankaphunzitsa poyera kuti dziko la Afirika ndi la eni ake akuda. Chifukwa cha ichi Boma ndi amishoni ena anamuda. Anthu a ku Thyolo ali ndi chifukwa chomukumbukira, pakuti ndiye anayamba mishoni ya Plainfield pafupi ndi Makwasa, imene mu 1902 inapita m'manja mwa mpingo wa Seventh-day Adventist ndipo pambuyo pake inatchedwa Malamulo.

M'chaka cha 1897 Booth anatenga Chilembwe kupita naye ku Amereka. Kumeneko mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention unamulandira ndi kumulipirira maphunziro pa Virginia Theological Seminary and College, mumzinda wa Lynchburg. Anaona ndi maso ake anthu akuda amene makolo awo anali akapolo ali ndi makoleji, nyuzi ndi mipingo yawoyawo, komanso anaona tsankho loopsa limene anali kukhala nalo. Anabwerera kwawo mu 1900 ali mbusa wodzozedwa.

Ntchito ya ku Mbombwe

Atafika anagula malo okwana maekala 93 ku Mbombwe ndi kukhazikitsa Providence Industrial Mission, imene anthu amangoitchula kuti PIM. Amishonale awiri akuda a ku Amereka, Mbusa Landon Cheek ndi Mayi Emma DeLany, anamuthandiza m'zaka zoyamba. Pofika 1912 mishoniyo inali ndi masukulu 7 ndi ana ophunzira pafupifupi 1,000. Mkazi wake, Mayi Ida Chilembwe, ankaphunzitsa akazi ndi atsikana kusoka ndi kusamala pakhomo. Mu 1909 Chilembwe anali mmodzi wa oyambitsa bungwe la Natives' Industrial Union, la anthu akuda amalonda ndi alimi ofuna kudzitukula. Tchalitchi chachikulu cha njerwa chimene anthu ake anamanga ndi manja awo chinatha mu 1913.

Tiyenera kuzindikira apa kuti kwa zaka zoposa khumi munthuyu sanalalikire nkhondo. Chiphunzitso chake chinali cha sukulu, ukhondo, kuvala bwino, kuleka mowa ndi kugwira ntchito molimbika, pokhulupirira kuti munthu wakuda akaonetsa kuti angathe zonse zimene Mzungu amatha, ulemu udzabwera wokha. Chimene chinamusintha ndi zimene anaona m'minda ya Azungu yozungulira mishoni yake.

Thangata

Kuyambira m'chaka cha 1892, Harry Johnston, woyamba kulamulira dziko lino m'dzina la Boma la Mangalande, anapereka kwa Azungu zikalata zotsimikiza kuti malo amene ananena kuti anagula kwa mafumu ndi awodi. Ambiri a malowo anagulidwa ndi nsalu, mikanda ndi zinthu zina zochepa mtengo. Mwa njira imeneyi nthaka yabwino ya ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu, Blantyre ndi Zomba inachoka m'manja mwa eni ake. Chigawo chachikulu cha Thyolo chinali cha Eugene Sharrer, ndipo mu 1902 chinapita ku British Central Africa Company.

Minda yotere inafuna manja ambiri. Manjawo anapezeka pakati pa Alomwe amene anali kuoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala ku Mozambique. Popeza anali alendo opanda malo awoawo, anakhala pa nthaka ya Mzungu ndipo analipira lendi ndi thukuta lawo. Mawu akuti thangata, amene kale ankatanthauza kuthandizana kwa anansi pa ntchito ya kumunda, anasanduka dzina la ntchito yokakamiza. Mwalamulo munthu anayenera kugwira mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho, koma akapitawo ndi mabwana awo ankatalikitsa miyeziyo, ndipo ankaifuna nthawi ya dzinja, pamene munthu anayenera kukhala m'munda mwake. Mu 1912 msonkho wa nyumba unakwezedwa kufika mashilingi 8, koma wogwira ntchito mwezi umodzi kwa Mzungu ankalipira mashilingi 4. Chotero msonkho weniweniwo unali chikwapu chothamangitsira anthu ku minda.

Moyandikana ndi Mbombwe munali munda waukulu wa A. L. Bruce Estates, wa thonje ndi fodya, umene likulu lake linali ku Magomero. Woyang'anira wake, William Jervis Livingstone, anali wodziwika ndi ukali. Antchito ankamenyedwa, ena ankalipidwa fodya m'malo mwa ndalama, ndipo eni munda analetsa masukulu ndi nyumba zopemphereramo pa malo awo. Timatchalitchi ta udzu timene Akhristu a PIM anamanga kumeneko tinatenthedwa. Ambiri a anthu ozunzikawo anali nkhosa za Chilembwe, ndipo madandaulo awo ankathera pakhomo pake. Njala ya 1912 ndi 1913 inaonjezera mavutowo. Iye mwini anali ndi ngongole za mishoni, anali kudwala mphumu, maso ake anali kufooka, ndipo mwana wake wamkazi anamwalira.

Nkhondo ya Azungu

Nkhondo yaikulu itayamba ku Ulaya mu Ogasiti 1914, sinachedwe kufika kuno. M'mwezi wa Seputembala asilikali a Mangalande ndi a Jeremani anamenyana ku Karonga, ndipo ochuluka mwa akufa mbali zonse ziwiri anali anthu akuda. M'mwezi wa Novembala Chilembwe analemba kalata ku nyuzi ya Nyasaland Times. M'kalatayo anakumbutsa Boma kuti ana a dziko lino anali atakhetsa kale mwazi m'nkhondo za Mangalande m'maiko ena osapindulapo kanthu. Anafunsa chifukwa chake munthu wakuda amayesedwa wopanda pake nthawi ya mtendere koma amafunidwa nthawi ya nkhondo. Ndipo anadandaulira akazi amasiye ndi ana amene adzatsala muumphawi. Boma linaletsa kalatayo kufalitsidwa, ndipo Bwanamkubwa George Smith anayamba kukonza zomuchotsa m'dziko.

Apa ndi pamene njira ya kalata ndi madandaulo inatsekeka. M'mwezi wa Disembala ndi kumayambiriro a Januwale 1915 kunachitika misonkhano yachinsinsi ku Mbombwe. Amene anasonkhana sanali anthu wamba okha. Panali John Gray Kufa, wophunzira za mankhwala ku mishoni ya Blantyre ndiponso mwini munda. Duncan Njilima, wamalonda wodziwika. David Kaduya, amene anakhalapo msilikali wa King's African Rifles. Ndi ena otere. Ku Ntcheu anagwirizana ndi Filipo Chinyama, mtsogoleri wa mpingo wina kumeneko.

Usiku wa 23 Januwale

Chikonzero chawo chinali ndi nzeru ya nkhondo. Gulu lina linayenera kupita ku Blantyre kukalanda mfuti m'nyumba ya zida ya African Lakes Corporation ku Mandala, pakuti popanda mfuti sakanatha kulimbana ndi asilikali a Boma. Magulu ena anayenera kukantha Magomero ndi Mwanje, pa munda wa Bruce. Anthu a ku Mulanje anayenera kulanda boma la kumeneko, ndipo Chinyama anayenera kuyamba ku Ntcheu ndi kutsikira kumwera. Mawaya a telefoni anayenera kudulidwa kuti Zomba asamve msanga. Mthenga anatumidwanso ndi kalata kwa Ajeremani ku Tunduru, m'dziko limene lero ndi Tanzania.

Loweruka usiku, pa 23 Januwale 1915, magulu ananyamuka. Ku Magomero anapha Livingstone ndi kumudula mutu, ndipo anaphanso Duncan MacCormick. Ku Mwanje anapha Robert Ferguson. Akazi ndi ana a Azungu anatengedwa, koma palibe amene anawapweteka, ndipo patapita masiku ochepa anamasulidwa ali amoyo. Limeneli linali lamulo la Chilembwe mwini, ndipo anthu ake analisunga ngakhale mitima yawo inali yodzala ndi mkwiyo wa zaka zambiri.

Koma pa Mandala, pamene panagona chipambano chonse, zinthu zinalakwika. Anthu pafupifupi 100 anafika pakati pa usiku, koma alonda anakuwa, Azungu anadzuka, ndipo gululo linathawa ndi mfuti zowerengeka chabe. Ku Mulanje anthu sananyamuke monga anapangana. Ku Ntcheu Boma linali litamva kale mphekesera, ndipo gulu la Chinyama linabalalika lisanachite kanthu. Kutacha Lamulungu, Chilembwe anachititsa mapemphero m'tchalitchi chake mutu wa Livingstone uli pamtengo pamaso pa anthu. Chimenechi ndi chinthu chimene olemba mbiri sangachibise, ndipo chinapatsa adani ake mpata woipitsa dzina lake kwa zaka zambiri.

Pa 25 Januwale asilikali a Boma anayesa kulowa ku Mbombwe, koma anthu a Chilembwe, motsogozedwa ndi Kaduya, anawabweza. Kumeneku ndiko kupambana kokha kumene anakupeza pa bwalo la nkhondo, ndipo kunawadyera anthu ambiri. Tsiku lotsatira gulu lina linatentha mishoni ya Akatolika ku Nguludi ndi kuvulaza wansembe. Tsiku lomwelo asilikali anabweranso ochuluka ndipo anapeza Mbombwe ali bwinja. Tchalitchi chachikulu chija anachigumula ndi zophulitsa. Chilembwe anathawa kulunjika malire a Mozambique, koma pa 3 Febuluwale 1915 apolisi akuda a Boma anamupeza m'dera la Mulanje ndi kumuwombera. Manda ake anabisidwa kuti anthu asamakasonkhanepo.

Chilango chinali choopsa. Anthu pafupifupi 40 ananyongedwa kapena kuwomberedwa ataweruzidwa mofulumira, pakati pawo Kufa ndi Njilima. Pafupifupi 300 anaponyedwa m'ndende. Ena anaphedwa m'tchire popanda mlandu kuzengedwa, ndipo midzi yambiri inatenthedwa.

Kuyesa Utsogoleri Wake

Tikamuyesa ndi muyeso wa akazembe a nkhondo, tiyenera kunena zoona kuti Chilembwe sanali msilikali. Sanaphunzirepo za nkhondo, ndipo usiku umene anthu ake anapita kukamenya iye anatsala ku Mbombwe. Chikonzero chonse chinatsamira pa mfuti za ku Mandala, ndipo zitalephereka panalibe njira ina imene inakonzedwa. Magulu a kutali analibe njira yofulumira yomvana. Koposa zonse, mafumu akuluakulu a Ayao ndi Angoni sanalowemo, ndipo Akhristu ambiri a mishoni za Askotishi ndi za Akatolika anakhala pambali. Mutu umodzi susenza denga. Anthu mazana ochepa okhala ndi mikondo sakanatha kugwetsa Boma lokhala ndi mfuti, njanji ndi telefoni.

Nanga ukulu wake uli pati? Uli pa zinthu zitatu. Choyamba, mafumu amene analimbana ndi Mangalande iye asanabwere, monga Makanjira wa Ayao kapena Gomani wa Angoni amene anaphedwa mu 1896, ankateteza ufumu wawo ndi anthu a mtundu wawo. Chilembwe sanali mfumu ndipo sanamenyere ufumu wa makolo. Pambuyo pake panali Alomwe, Ayao, Amang'anja ndi Angoni, ndipo m'kalata yake ija analankhula m'malo mwa anthu onse akuda a Nyasaland ngati mtundu umodzi. Ganizo limeneli linali lachilendo pa nthawiyo, ndipo ndilo maziko a dziko limene tili nalo.

Chachiwiri, anasonkhanitsa pamodzi munthu wophunzira wovala jekete ndi munthu wa thangata wovala chiguduli. Kufa ndi Njilima anali ndi chuma ndi ulemu zimene akanatha kuzisunga pokhala chete, koma anaika moyo wawo pamodzi ndi wa anthu osauka. Chachitatu, anaika malire pa nkhondo yake. Analoza anthu amene anawayesa ozunza, ndipo analetsa kukhudza akazi ndi ana.

George Simeon Mwase, amene analemba mbiri ya nkhondoyi cha m'ma 1932 atamva kwa ena amene anali nawo, anafotokoza kuti Chilembwe ankadziwa kuti adzagonja ndi kufa, ndipo cholinga chake chinali kuonetsa Boma ndi mwazi kuti anthu afika potopa. Ena amaona kuti chikonzero chofika ku Ntcheu, ku Mulanje ndi kwa Ajeremani chikusonyeza munthu amene ankayembekeza kupambana ndi kukhazikitsa boma la anthu akuda. Mwina zonse ziwiri zinali mumtima mwake, pakuti munthu angathe kukonzekera kupambana ali wokonzekanso kufa.

Thangata Atamwalira Chilembwe

Boma linakhazikitsa bungwe lofufuza, limene linatulutsa lipoti lake mu 1916. Bungwelo linavomereza kuti pa munda wa Bruce anthu ankazunzidwa, koma mlandu waukulu linauika pa mipingo ya anthu akuda ndi pa maphunziro a mishoni. Mboni zakuda zinadandaula za thangata, za msonkho, ndi za lamulo losalembedwa lokakamiza munthu wakuda kuvula chipewa akakumana ndi Mzungu aliyense. Zochepa zinasintha. PIM inakhala yotsekedwa mpaka 1926, pamene Dr. Daniel Sharpe Malekebu, wophunzira wakale wa pomwepo amene anakaphunzira udokotala ku Amereka, analoledwa kuitsegulanso.

Ndipo apa mbiri ya Chilembwe ikumana ndi ya Thyolo. Tiyi, amene anayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje m'ma 1890, anafika ku Thyolo mu 1908 pa munda wa Bandanga, ndipo anafalikira kwambiri m'ma 1920 ndi m'ma 1930, pamene minda ngati Satemwa, yoyamba mu 1923, inasiya fodya ndi kutembenukira ku tiyi. Manja othyola tiyiyo anali ambiri a Alomwe omwe aja, okhala pa nthaka ya eni minda pansi pa thangata. Lamulo la 1928 lokhudza anthu okhala pa minda ya Azungu linalola lendi ya ndalama, komanso linapatsa eni minda mphamvu yochotsa anthu pa malo. Mu 1946 Sir Sidney Abrahams, wotumidwa kudzafufuza za malo, analangiza kuti Boma ligule nthaka yosalimidwa ndi kukhazikapo anthu, koma ntchitoyo inayenda pang'onopang'ono.

Mu Ogasiti 1953, mwezi umene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa anthu akukana, moto unabuka ku Thyolo. Unayamba pa munda wa Mangunda, pafupi ndi Luchenza, pa nkhani ya anthu ogwidwa powaganizira kuba malalanje. M'masiku ochepa anthu anatseka misewu ndi mitengo, anadula mawaya a telefoni ndi kukana ntchito, ndipo chipolowecho chinafalikira m'maboma ena a kumwera. Anthu 11 anaphedwa. Madandaulo awo anali omwe aja a 1915: malo, thangata ndi ulemu. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano kunali Nyasaland African Congress, yokhazikitsidwa mu 1944, yotha kulumikiza kulira kwa Thyolo ndi kwa Karonga. Chimene Chilembwe anachisowa, ndicho bungwe lofika dziko lonse, m'badwo wotsatira unachimanga. Dr. Hastings Kamuzu Banda anabwera pa 6 Julayi 1958, thangata anathetsedwa ndi lamulo mu 1962, ndipo pa 6 Julayi 1964 Nyasaland anakhala Malawi.

Chikumbutso Chake

Mu 1958 George Shepperson ndi Thomas Price anatulutsa buku lalikulu la mbiri yake lotchedwa Independent African, limene linachotsa dzina lake m'gulu la zigawenga ndi kuliika pakati pa atsogoleri a Afirika. Mu 1965 Boma la Malawi linatulutsa masitampa okumbukira zaka 50 za nkhondoyo. Kuyambira 1997 nkhope yake inayamba kuoneka pa ndalama zathu za pepala. Mu 2022 chifanizo chake, chosemedwa ndi Mmalawi Samson Kambalu, chinaimikidwa kwa zaka ziwiri pa Trafalgar Square, pakati pa mzinda wa London, chikumuonetsa atavala chipewa pambali pa mnzake wachizungu, mmishonale John Chorley.

Koma chikumbutso cha munthu wotere sichithera pa ndalama ndi pa zifanizo. Anthu a ku Thyolo ndi ku Mulanje akali opanikizana pa timinda tating'ono m'mphepete mwa minda yaikulu ya tiyi, ndipo nkhani ya malo ndi ya malipiro a othyola tiyi ikali kufika pa matebulo a maofesi a Boma. Wantchito wa Boma wolandira dandaulo lotere akumbukire kuti Chilembwe anayamba ndi sukulu, kenaka kalata, ndipo anafika pa mkondo pamene kalatayo inakanidwa yankho. Mphunzitsi naye, pophunzitsa za 1915, asabise mwazi wa ku Magomero kapena kulephera kwa ku Mandala. Awauze ana zonse, ndipo awauzenso kuti anthu a zilankhulo zosiyana anayamba kudzitcha mtundu umodzi m'tchalitchi cha ku Mbombwe, zaka 49 mbendera ya Malawi isanakwezedwe.